Khoswe Akakhala pa Mkhate Sapheka: Mbiri ya Mlandu Woononga Katundu Chifukwa cha Chigololo kwa Makhuwira

 Mwambi wathu wa lero ndi uwu: "Khoswe akakhala pa mkhate sapheka." Mkhate ndi mbiya yaikulu youmba ndi dothi. Khoswe ndi mdani wa m'nyumba, amadya chimanga ndi kuboola zovala, ndipo palibe amene amamumvera chisoni. Koma ukamuponyera chibonga ali pa mkhate, iye amalumpha n'kuthawa, iwe n'kutsala ukutola mapale. Akuluakulu amatchula mwambiwu pamene wolakwa ali munthu wapafupi, woti pomulanga ungadzipweteke wekha. Ndipo wapafupi woposa amene umagona naye mphasa imodzi palibe.

Mwambiwu utitsogolere pa mlandu umene sutha m'midzi mwathu. Mwamuna kapena mkazi watulukira kuti mnzake akuzemberana ndi wina. Mtima wapsa, watenga mpini, waswa miphika, wang'amba zovala, mwina wayatsa ndi nyumba yomwe. Kodi poti iyeyo ndiye wachimwiridwa, ali ndi ufulu woononga katundu wa mnzakeyo? Tikatsata mbiri ya dera la Makhuwira kuchokera pa bwalo la makolo, kudutsa m'nthawi ya atsamunda, kufikira malamulo a lero, tipeza kuti yankho silidasinthe. Chigololo ndi mlandu pawokha, kuononga katundu ndi mlandu winanso, ndipo woyambawo sufafaniza wachiwiriwo.

Dziko la Makhuwira ndi anthu ake

Dera la Mfumu Yaikulu Makhuwira lili m'boma la Chikwawa, kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, umene eni chigwa amautcha Tchiri, m'munsi mwa mapiri a Thyolo. Ndi dziko la madimba, la mpunga wa ku Nkhate, la thonje, ndi la nsomba za m'dambo lalikulu lija David Livingstone adalitcha Elephant Marsh pamene adadutsa m'chigwachi mu 1859. Eni nthaka akale ndi Amang'anja, anthu a Lundu, amene amapembedzera mvula kwa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Livingstone adawapeza akusula makasu, akuomba nsalu za thonje ndi kutcheza mchere.

Njala yoopsa ya 1862 ndi 1863, pamodzi ndi nkhondo za ogwira akapolo, idabalalitsa midzi yambiri ya Amang'anja. Amakololo, amuna amene Livingstone adabwera nawo kuchokera kumtunda kwa Zambezi, adatsala m'chigwachi iye atachoka mu 1864, nasonkhanitsa anthu obalalikawo, nakhala mafumu. Maina monga Kasisi, Maseya, Katunga ndi Makhuwira achokera m'mbiri imeneyi. Mafumuwo adali alendo, koma anthu awo adali Amang'anja, motero mwambo wa ukwati umene unkatsatidwa m'midzi udali wa Chimang'anja. Pambuyo pake Asena adalowa m'chigwachi mwaunyinji kuchokera ku Mozambique, makamaka nkhondo ya Makombe ya 1917 itavuta, ndipo adabwera ndi mwambo wawo wa ukwati. Miyambo iwiriyi yakhala moyandikana kufikira lero.

Chigololo pa bwalo la makolo

Pa Chimang'anja ukwati ndi wa chikamwini. Mwamuna amasiya kwawo n'kukamanga nyumba kwa mkazi, ndipo ana amakhala a mbumba ya kuchikazi, yoyang'aniridwa ndi mwinimbumba, amene ndi malume awo. Ukwati umamangidwa ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndipo ndi ankhoswe omwewo amene ali ndi mphamvu youmasula. Banja likayamba kugwedezeka, nkhani imayamba yapita kwa iwo mwakachetechete, pakuti "bongololo sadzolera mafuta pagulu." Ankhoswe akalephera, mpamene imapita kwa nyakwawa, kenaka kwa mfumu.

Makolo sankachepetsa chigololo. Ankati, "Ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule," ndipo woyenda njira ziwiri ankamuchenjeza kuti "mapanga awiri avumbwitsa." Ankakhulupiriranso kuti chigololo chimadzetsa matenda a tsempho, amene ena amati mdulo: kuti mayi wochimwa akathira mchere m'ndiwo, kapena bambo wochimwa akanyamula khanda, wosalakwa amatupa ndi kudwala. Choncho chigololo chinkaonedwa ngati chiopsezo pa moyo wa ana, ndipo mudzi wonse unkakhudzidwa nacho.

Wogwidwa ndi mkazi wamwini ankalipa dipo: nkhuku, mbuzi, makasu, nsalu kapena mchere, monga mwa kukula kwa mlandu. Tisaname kuti masiku amenewo adali a mtendere wokhawokha. Wokana mlandu ankatha kumwetsedwa mwavi, wolephera kulipa ankatha kupereka mbale wake kukhala kapolo, ndipo wochimwa ndi mkazi wa mfumu ankaika moyo wake pachiswe. Komabe taonani chinthu chimodzi: dipo linkatchulidwa ndi bwalo, pamaso pa anthu, mbali zonse zitamvedwa. Wochimwiridwa ankabwera pa bwalo ngati wodandaula, manja ake ali oyera, ndipo kuyera kwa manjako ndiko kunali mphamvu yake.

Katundu wa m'nyumba adali wa yani?

Kuti timvetse chifukwa chake makolo ankadana ndi kuononga, tiyambe tadziwa mmene katundu ankakhalira. Miphika, mitsuko, mtondo, munsi, malichero ndi zipande zidali za mayi. Nkhwangwa, uta, mkondo, bwato, ukonde ndi miono zidali za bambo. Nyumba ankamanga ndi mkamwini, koma inkaima pa nthaka ya mbumba ya mkazi. Nkhokwe idali thukuta la onse awiri ndi chakudya cha ana. Ukwati ukatha, mkamwini ankanyamula zida zake ndi mphasa yake n'kubwerera kwawo, ndipo n'chifukwa chake ankanena kuti "mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka." Nyumba ndi ana zinkatsala.

Tsono tiyerekeze mkamwini amene wapeza mkazi wake ndi mwamuna wina, napsa mtima, nayatsa nyumba. Watentha chiyani? Watentha pogona pa ana ake. Watentha chinthu choima pa nthaka ya eni mudzi. Ndipo m'mudzi wa nyumba zofolera ndi udzu, m'chigwa chotentha ngati chathuchi, moto wa mwezi wa Okutobala sufunsa kuti nyumba iyi ndi ya wachigololo kapena ya nkhalamba yosalakwa. Munthu wotere akafika pa bwalo, mwinimbumba amene akadabwera ndi manyazi kudzapepesa chifukwa cha mlongo wake, amabwera ali wodandaula. Mbuzi imene mkamwini akadalandira imasanduka mbuzi yoti iye apereke. Ngakhalenso mayi amene waswa bwato kapena kudula ukonde wa mwamuna wosakhulupirika, wadula ndiwo za pakhomo pake pomwe.

Pa Chisena zinthu zimayenda mwina, koma mathero ake ndi omwewo. Mwamuna amapereka luphato potomera, pambuyo pake n'kupereka chuma cha lobola, ndipo mkazi amapita kukakhala kwa mwamuna. Ukwati ukatha chifukwa cha kulakwa kwa mkazi, pamabuka nkhani yobweza chumacho, nkhani imene imakambidwa ndi akuluakulu a mbali ziwiri. Mwamuna amene waononga katundu wa mkazi amafooketsa mawu a abale ake pa zokambiranazo, ndipo mkazi amene waononga za mwamuna amaonjezera katundu pamutu pa atate ake. Apa mpamene pamakwanira mwambi uja wakuti "nkhuyu zodya mwana zidapota akulu."

Nthawi ya atsamunda: ndalama, maulendo ndi makhoti

Dziko lino lidalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891. Lamulo la 1902 lidakhazikitsa Khoti Lalikulu, nililola kuti pa milandu ya eni dziko mwambo uzitsatidwa pokhapokha ngati sukutsutsana ndi chilungamo monga Angereziwo ankachionera. Mu 1911 mwavi udaletsedwa. Mu 1933 boma lidapatsa mafumu makhoti awoawo ovomerezeka, okhala ndi mlembi ndi kaundula, ndipo dipo lidayamba kutchulidwa m'mashiling'i ndi m'mapaundi m'malo mwa makasu ndi nsalu.

Zaka zomwezo moyo wa m'chigwa udasintha. Thonje lidasanduka mbewu ya ndalama. Amuna ambiri adapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya Johannesburg, ena kwa zaka zambiri osabwerera, akazi n'kutsala okha. Wolemba mbiri Martin Chanock, m'buku lake la 1985 lonena za malamulo ndi miyambo m'Malawi ndi Zambia pa nthawi ya atsamunda, adaonetsa kuti milandu ya maukwati ndi chigololo idachuluka kwambiri m'makhoti a nthawiyo, ndi kuti amuna achikulire ankakakamiza boma kuti likhwimitse zilango. Ku Southern Rhodesia boma lidachitadi zimenezo mu 1916, pokhazikitsa lamulo lolanga anthu akuda ogwidwa chigololo.

Kuno kwathu buku la milandu ndi zilango, lotchedwa Penal Code, lidalembedwa mu 1929 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1930. M'bukumo chigololo sichidalembedwe ngati mlandu woti boma limangire munthu, koma kuononga katundu ndi kutentha nyumba zidalembedwa. Apa, adzukulu anga, mpamene padabadwa chinthu chimene chimadabwitsa anthu kufikira lero: wachigololo amagona kunyumba, pamene wochimwiridwa amene waswa zinthu amagona m'chitokosi cha apolisi. Ambiri amati lamulo la Azungu lidatembenuza chilungamo. Koma tikayang'anitsitsa, lidangolemba papepala ndi kuumitsa zimene bwalo la makolo linkadziwa kale, kuti kubwezera si ntchito ya wodandaula.

Katundu nayenso adasintha. Wobwera ku ulendo ankabwera ndi njinga, makina osokera, bulangete, sutikesi, pambuyo pake wailesi ndi malata. Mphika ukasweka, mayi ankapita kudambo kukakumba dothi n'kuumba wina. Makina osokera akaphwanyidwa, zaka ziwiri za thukuta la kumgodi zapita. Mkwiyo udali womwe uja wakale, koma mtengo wake udakwera.

Kuchokera pa ufulu kufika mu 1994

Mu 1962 makhoti a mafumu adalowedwa m'malo ndi makhoti a m'madera, ndipo mu 1969 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidawasandutsa makhoti a miyambo, ena mwa iwo n'kupatsidwa mphamvu zozenga ngakhale milandu yakupha. Mu 1970 katswiri wa malamulo J. O. Ibik adasindikiza buku losonkhanitsa malamulo a mwambo a ukwati ndi chisudzulo a mitundu ya m'Malawi. Makhoti a miyambowo adaleka kugwira ntchito pamene dziko linkalowa m'ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo kuyambira 1994 milandu yawo idapita kwa amajisitireti. Mafumu ndi ankhoswe akuyanjanitsabe anthu mpaka lero, ndipo ntchito yawo ndi yaikulu, koma mphamvu yotsekera munthu m'ndende alibe.

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adabweretsa mfundo ziwiri zofunika pa nkhani yathu. Ndime 28 ikuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi katundu, payekha kapena pamodzi ndi ena, ndipo asalandidwe mwachisawawa. Ndime 24 ikuti ukwati ukatha, mayi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene adali wa onse awiri, ndi thandizo loyenera. Mu 2006 padadza lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja, limene limalola khoti kuletsa wankhanza kuyandikira mnzake, ngakhalenso kumutulutsa m'nyumba. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano la maukwati, chisudzulo ndi maubale a m'banja. Lamuloli limazindikira ukwati wa kwa DC, wa mwambo, wa kumpingo kapena kumzikiti, ngakhalenso wa anthu amene akhalira pamodzi ngati banja zaka zosachepera zisanu, khoti likaona kuti nkoyenera. Ndime 74 ya lamuloli imalamula khoti kugawa katundu mwachilungamo, powerengeranso ntchito za pakhomo monga kulera ana ndi kusamala nyumba.

Zimene lamulo likunena lero

Choyamba, kuononga katundu wa munthu wina mwadala ndi mlandu wa boma pansi pa ndime 344 ya Penal Code, ndipo wopezeka wolakwa akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kupita kundende. Kutentha nyumba ndi mlandu waukulu koposa: ndime 337 imalola chilango chofika pa kukhala m'ndende moyo wonse. Kutentha mbewu za m'munda ndi kupha kapena kuvulaza ziweto zilinso ndi ndime zakezake. Woimba mlandu ndi boma, ndipo wachigololo uja amaima m'khoti ngati mboni yodandaula.

Chachiwiri, mawu akuti "adandiputa ndi iyeyo" sapulumutsa munthu. M'malamulo athu kuputidwa kumagwira ntchito pa mlandu wakupha, pamene kumatha kuutsitsa kuchoka pa kupha mwadala kufika pa kupha mosakonzekera, ndipo ngakhale pamenepo munthu amalangidwabe. Pa kuononga katundu, woweruza akhoza kuganizira kuwawidwa mtima kwa wolakwa pochepetsa chilango, koma mlandu umakhalapobe. Ndipo amene wagona usiku wonse akuganiza, m'mawa n'kupita kukagula petulo, sanganene kuti mtima udangomupsa mwadzidzidzi.

Chachitatu, pali mawu amene amakola ambiri: "Ndidagula ndine." Chimene udapereka ngati mphatso chidachoka m'manja mwako tsiku lomwe udaperekalo. Chitenje, foni kapena njinga imene udamugulira pa nthawi ya chikondi ndi yake, ndipo ukaiphwanya waphwanya chinthu chamwini. Chimene mudapeza pamodzi si chako wekha, muli gawo la mnzako. Ngati pali mkangano wakuti mwini wake ndani, wothetsa ndi khoti. Izi zikukhudza okwatirana, osudzulana, ndi amene adali pa chibwenzi chabe. Ngakhale katundu wa kapasule uja, njinga yake yamoto kapena okala yake, lamulo limamuteteza chimodzimodzi.

Chachinayi, kundende si mathero. Khoti likhoza kulamula wolakwa kulipira zimene adaononga, ndipo mwini katundu akhozanso kukasuma payekha kuti abwezeredwe mtengo wake. Tsiku logawa katundu wa banja likafika, woononga amaima pamaso pa woweruza ali ndi mbiri yoipa, pamene akadadekha akadaima ngati wolakwiridwa. Pajatu pothetsa ukwati wa mwambo makhoti amatha kulamula amene wapasula banja kupereka chipepeso, ndipo pa ukwati wa chikamwini akhala akutsimikiza udindo wa mwamuna womangira mkazi nyumba kwawo. Njira yopezera chilungamo ilipo, ngakhale imayenda pang'onopang'ono. Pa milandu ing'onoing'ono khoti limathanso kulola anthu kukayanjana kunja, ndipo pamenepo ankhoswe ndi mafumu amabwereranso pa ntchito yawo yakale. Kutentha nyumba sikuli m'gulu la milandu ing'onoing'ono.

Phunziro kwa adzukulu

Anthu a kwa Makhuwira amadziwa kuwawa kwa kutaya katundu kuposa ambiri. Madzi osefukira a 2015, a 2019, namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023 adakokolola nyumba, mbewu ndi ziweto m'chigwa chonse cha Shire. Banja limene lasonkhanitsanso malata, matiresi ndi mapoto pambuyo pa masoka otere latuluka thukuta lamagazi. N'zomvetsa chisoni kuti zimene mtsinje udasiya zithe ndi dzanja la mwini nyumba m'kanthawi kochepa, ana akuonerera. Mwana amene waona yunifolomu ndi makope ake zikupsa saiwala, ndipo akakula safunsa kuti adayamba kuchimwa ndani. Amakumbuka amene adagwira machesi.

Kupusitsidwa ndi munthu amene umamukhulupirira kumawawa, ndipo makolo sadanenepo kuti wolakwiridwa azingoseka. Adangomupatsa njira. Ngati tsoka lotere litakugwerani, chokani pamalopo manja ali m'thumba, mukagone kwa mbale. Kukacha pitani kwa ankhoswe. Iwo akalephera pitani kwa mfumu, kwa akulu a mpingo kapena a mzikiti, kapena ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa m'mabanja. Ngati banja lafika pakutha, lembani katundu yense pamaso pa mboni, ndipo khoti la majisitireti ligawe. Musaope kuti mukachedwa mnzanuyo apulumuka, pakuti "mlandu suola." Chimene sichibwerera ndi chimene chasweka: "madzi akatayika saoleka."

Inunso abale ndi anansi muli ndi gawo lanu. Mukamva phokoso kwa mnzanu musathamangire kukajambula ndi foni kuti mukaike pa Facebook. Thamangani mukamulande mpini, mumutulutse panja, mumukhazike pansi. "Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako."

Kuchokera pa bwalo la pansi pa mtengo, kudutsa khoti la mfumu la 1933, kufikira khoti la majisitireti ku Chikwawa lero, oweruza asintha, zilankhulo zasintha, dipo lasintha kuchoka pa makasu kufika pa makwacha. Koma onsewo amafunsa wolakwiridwa funso limodzi asanamve dandaulo lake: kodi iwe manja ako ali bwanji? Khoswe adzatsika yekha pa mkhatepo, ndipo bwalo lidzamuona. Inu sungani mkhate, pakuti ana adzafuna madzi mawa.

Tsalani bwino, adzukulu anga. Tidzakumananso pa mwambi wina.